Chipulumutso Sichilembedwa m'Kaundula wa Mpingo

Mipingo iwiri ikuluikulu ya m'chigwa cha Mtakataka idafika m'dziko muno itasenza kale mkangano wa kwawo. Amishoni a Chidatchi ochokera ku South Africa adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, nakhazikika ku Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu zawo zidafalikira m'midzi yambiri ya chigawo chapakati. Ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers adafika pa Mua mu 1902, m'dera la Inkosi Kachindamoto, patsinde pa mapiri a Dedza. Onsewa ankalalikira Yesu mmodzi yemweyo, koma pa funso lakuti munthu amapulumuka bwanji, makolo awo adali atasiyana maganizo kwa zaka pafupifupi 400. Ife tidalandira ubatizo pamodzi ndi mkanganowo. Mpaka lero, nkhaniyi ikabuka pa msika wa Golomoti kapena m'minibasi yopita ku Salima, mawu ake amakhala omwewo: wa CCAP amati Akatolika amayesa kugula kumwamba ndi ntchito ndi miyambo, Mkatolika amati anzathuwa amangoti takhulupirira basi, ngati kuti Mulungu saona zochita za munthu. Ine ndikuona kuti mkangano umenewu, monga momwe timaukambira, udatha kale mphamvu, ndipo ukutibisira vuto lina limene lili m'mipingo yathu yonse mofanana. Pa guwa timalalikira chisomo, koma m'machitidwe athu taphunzitsa anthu kuti chipulumutso chimayendera khadi la mpingo ndi zimene zalembedwa m'kaundula. Ntchito zimene Mulungu amafuna kwa wokhulupirira si zimenezo ayi.

Mkanganowu udayamba pa nkhani ya ndalama. Mu 1517 Martin Luther, wansembe wa ku Germany, adadzudzula malonda a zikalata zimene anthu ankagula pofuna kuchepetsa chilango cha machimo awo ndi a abale awo omwalira. Mlaliki wina, Johann Tetzel, ankayenda nazo m'mizinda, osauka n'kumakhuthula timakobidi tawo. Luther adaona kuti munthu wamantha akudyeredwa masuku pamutu m'dzina la Mulungu, ndipo powerenga kalata ya Paulo kwa Aroma adatsimikiza kuti Mulungu amamuyesa munthu wolungama chifukwa cha Khristu, kudzera m'chikhulupiriro, popanda malipiro. Mpingo wa Katolika udayankha pa msonkhano wa ku Trent, umene mu Januwale 1547 udatulutsa chiphunzitso chake pa nkhaniyi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti msonkhanowo sudanene kuti munthu amadzipulumutsa ndi ntchito zake. Udavomereza kuti palibe chimene munthu angachite asanalandire chisomo chimene chingamuyenereze kuchilandira. Chimene udakana n'chakuti munthu angalungamitsidwe koma n'kukhalabe wosasinthika mkati. Naye John Calvin, kholo la mipingo ya Reformed ndi ya Presbyterian, ankalimbikira kuti ngakhale chikhulupiriro ndicho chokha chimalandira chipulumutso, munthu amene ali nachodi amayambanso moyo watsopano. Mbali iliyonse inkaopa chinthu choyenera kuopedwa. Ena ankaopa kuti Mulungu angasandutsidwe wamalonda, ena ankaopa kuti chikhristu chingathere pakamwa.

Padapita zaka mazanamazana, koma mbali ziwirizi zidadzakhala pansi. Pa 31 Okutobala 1999, mu mzinda wa Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran padziko lonse adasainira chikalata chimodzi. M'menemo adagwirizana kuti Mulungu amatilandira mwaulere chifukwa cha zimene Khristu adachita, ife tisanayenere kanthu, ndi kuti ntchito zabwino zimatsatira chifukwa Mzimu Woyera wasintha mtima. Mipingo ya Methodist idalowa m'panganoli mu 2006, ndipo mu 2017, ku Wittenberg kwa Luther komweko, bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse, banja limene CCAP ikuchokera, nalonso lidasaina. Sindikunena kuti kusiyana konse kudatha. Pa nkhani ya puligatoriyo, ya Misa zopempherera akufa, ya mphotho ya ntchito za munthu wolungamitsidwa kale, ndiponso ngati mkhristu angatsimikize akadali moyo kuti adzapulumuka, mipingoyi ikuonabe mosiyana, ndipo kusiyanako n'kwenikweni. Koma mukafunsa kuti ndani amayamba ndipo ndani adalipira, onse ayankha chimodzi: Mulungu ndiye amayamba, Khristu ndiye adalipira. Amene akupitiriza kunena kuti mnzake wa tsidya lina la msewu amakhulupirira zogula kumwamba, kapena kuti amakhulupirira zongokhala manja lende, akumunamizira.

Ambiri amaganiza kuti gwero la chisokonezo ndi Baibulo lenilenilo, popeza Paulo amaphunzitsa kuti ntchito za lamulo sizilungamitsa munthu, pamene Yakobo amayerekeza chikhulupiriro chosabala kanthu ndi mtembo. Koma tiyang'ane amene aliyense ankalimbana naye. Ku Galatiya kudafika aphunzitsi onena kuti munthu wa mtundu wina sangakhale mwana weniweni wa Mulungu pokhapokha atachita mdulidwe ndi kusunga miyambo ya Chiyuda. Ku Antiokeya ngakhale Petro adayamba kupewa kudya ndi akhristu a mitundu ina, mpaka Paulo adamudzudzula pamaso pa onse. Ntchito zimene Paulo ankakana kwenikweni zidali zizindikiro zosonyeza kuti uyu ndi wathu, uyu si wathu, zimene anthu adaziika pakhomo la chisomo ngati msonkho wolowera. Yakobo ankalimbana ndi matenda ena. Mu mpingo umene ankaulembera, wovala mphete zagolide ankapatsidwa mpando wabwino, wosauka n'kuuzidwa kuti aimirire kapena akhale pansi. Mbale wausiwa ndi wanjala ankadalitsidwa ndi mawu okoma n'kubwerera chimanjamanja. Olemera ankakaniza malipiro a anthu amene adawakololera m'minda. Ntchito zimene Yakobo ankafuna ndi chakudya, chofunda, ndi malipiro a waganyu. Onse awiri amatchula Abrahamu, koma Paulo amaloza tsiku limene Abrahamu adakhulupirira lonjezo asanachite kanthu, pa Genesis 15, pamene Yakobo amaloza tsiku limene chikhulupiriro chomwecho chidamukweza phiri ndi Isake, pa Genesis 22. Munthu ndi mmodzi, chikhulupiriro ndi chimodzi, masiku okha ndiwo awiri. Ndipo pa Aefeso 2, ndime imene imatcha chipulumutso mphatso yoti wina asadzitame nayo imatsatizana pomwepo ndi ina yonena kuti Mulungu adatilenganso kuti tikachite zabwino.

Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Bwanje amazidziwa izi osapita ku sukulu ya ubusa. Madzi amene amalowa m'munda mwake amachokera mu mtsinje wa Namikokwe, ndipo mtsinjewo umadzazidwa ndi mvula yogwa kumapiri, imene iye sadaigwetse ndipo sangailipire. Chake n'kutsegula ngalande. Mpunga ukacha, palibe mlimi wanzeru amene anganene kuti mpungawo ndiwo udakoka madzi kumapiri, chifukwa madzi ndiwo adayamba. Koma mukapeza munda uli gwa, nthaka itang'ambika, mwiniwake n'kumalumbira kuti ngalande yake njotsegula, mumadziwa kuti penapake patsekeka, kaya iye avomere kaya akane. Ntchito zabwino zili pamalo pa mpungawo. Sizikoka chisomo, koma pamene chisomo chafikadi zimamera, ndipo anthu ena amadyako.

Chigwa chino chili ndi umboni wake wa ntchito zotere. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, mishoni ya Mua idatsegula malo osamalirako odwala khate. Tikumbukire kuti khate lidali chiyani masiku amenewo. Wodwala ankamangiridwa kanyumba kunja kwa mudzi, ankadyera m'mbale yakeyake, ndipo m'madera ambiri ngakhale maliro ake sankaikidwa ngati a anthu ena. Mankhwala ochiritsa kudalibe. Chimene chidalipo ndi jakisoni wowawa wa mafuta a mtengo wa chaulmoogra, amene ankathandiza ochepa okha. Dapsone adayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, ndipo mankhwala ophatikiza amene adagonjetsadi matendawa adavomerezedwa ndi bungwe la WHO kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980. Mpaka mu 1994 mpamene Malawi adafika ponena kuti khate silinso vuto lalikulu la dziko lonse. Choncho kwa zaka zambiri amishoni ndi Amalawi amene ankagwira nawo ntchito ankatsuka zilonda zimene ankadziwa kuti mawa zidzatulukanso mafinya, kumanga mabandeji pa manja oduka zala, kuphikira anthu amene sakadatha kubweza ngakhale nkhuku. Ntchito yoteroyo singakhale malonda, pakuti wolandirayo alibe chobweza ndipo phindu silioneka. Munthu amailimbikira ngati wakhulupirira kuti wodwalayo ndi wamtengo wapatali pamaso pa Mulungu asanachite chilichonse chothandiza, ndiponso kuti iye mwini wosamalirayo adalandiridwa mwa njira yomweyo. Sukulu ya ana osamva ya pa Mua ndi chipatala cha mishoni zikuyenda m'mapazi omwewo. Chimodzimodzinso chipatala cha Nkhoma kumtunda kuja, chimene chidamangidwa ndi anthu amene Sabata ndi Sabata ankalalikira kuti ntchito sizipulumutsa.

Wina adzati tisawayeretse amishoni, chifukwa chipatala ndi sukulu zidali nyambo yokolera anthu. Adatchi ndi Akatolika ankalimbirana midzi, aliyense kufuna kuti mfumu ilole sukulu yake mnzake asanafike. Kuzungulira Mua komweko kudali mikangano yaikulu ndi a gule wamkulu, ndipo nthawi zina amishoni ankathamangira ku boma la atsamunda kuti liwathandize. Izi n'zoona, ndipo wolemba mbiri Ian Linden adazifotokoza m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa. Koma taonani kumene mfundoyi ikutifikitsa. Ntchito zikadakhala mtengo wogulira chipulumutso, ndiye kuti ntchito yosakanizika ndi mpikisano ndi kudzikonda ikadakhala ndalama yachinyengo, ndipo palibe mmodzi wa ife akadatsala ndi kanthu m'manja. Ndani adathandizapo mnzake ndi mtima woyera kotheratu? Ngakhale wopereka chipepeso amatchera khutu kuti amve dzina lake powerenga. Chiphunzitso cha chisomo ndicho chimatilola kunena zoona zonse ziwiri nthawi imodzi, kuti anthu aja adali ndi zofooka zawo, ndi kuti chilonda chimene adatsuka chidatsukikadi. Pomwe nyamboyo idalipodi, pomwe wodwala adamva ngati mankhwala akudikira ubatizo wake, pamenepo ntchito idaipitsidwa, ndipo tiyenera kunena poyera. Pa Luka 17 Yesu adachiritsa akhate khumi, ndipo mmodzi yekha, Msamariya, ndiye adabwerera kudzathokoza. Asanu ndi anayi aja sadawabwezere khate lawo.

Tsopano tibwere pa zimene zimachitika munthu akamwalira, pakuti chiphunzitso chenicheni cha mpingo chimamveka pa maliro kuposa pa ulaliki wa Lamulungu. M'mipingo yambiri m'dziko muno, ya mayina osiyanasiyana, uthenga wa maliro ukangofika kwa mkulu wa mpingo kapena kwa wapampando wa mphakati, chinthu choyamba kufunsidwa ndi khadi. Anamfedwa amafufuza m'sutikesi, m'kati mwa Baibulo, pansi pa mphasa, kwinaku mtembo uli m'nyumba. Khadi likapezeka amaliyang'ana mwezi ndi mwezi: kodi mtulo adapereka, za chitukuko adamaliza, masika adatula, ku mphakati kapena ku mapemphero a m'kati mwa sabata ankafika? Mipata ikachuluka pamayamba kunong'onezana kuseri kwa nyumba. Nthawi zina abale amasonkherana msangamsanga kuti alipe ngongole ya malemuyo mwambo usanayambe, ndalama imene ikadagula ufa wa pa siwa kapena matabwa a bokosi. Nthawi zina chigamulo chimatuluka chakuti kwaya siyimba, amayi savala yunifolomu, mlaliki angonena mawu pang'ono. Pamenepo mudzi wonse, ndi ana omwe, umaphunzira phunziro limene palibe katekisimu adalilemba. Umaona kuti mayi amene adalera ana amasiye a mchemwali wake ndi ganyu wa m'minda ya mpunga wapita mwakachetechete chifukwa cha mipata ya pakhadi, pamene wa sitolo amene khadi lake ndi lodzaza, ngakhale aliyense akuidziwa sikelo yake, waperekezedwa ndi nyimbo mpaka kumanda.

Palibe mbusa kapena wansembe amene anganene kuti nyimbo za pa maliro ndizo zimalowetsa munthu kumwamba, ndipo ambiri a iwo mchitidwewu umawapweteka mtima. Koma anthu amaphunzira ndi maso. Agogo amene amalimbikira kudzaza khadi m'nyumba mulibe ufa, kawirikawiri sanena kuti ndikuthokoza Mulungu. Amati, ndisadzaikidwe ngati galu. Mantha amenewa ndi omwe aja Luther adawaona mu 1517. Tikaliika khadi lotereli pa muyeso wa atumwi awiri aja, likulephera mbali zonse. Kwa Paulo, lasanduka chizindikiro cha uyu ndi wathu, uyu si wathu, choikidwa pakhomo la chisomo. Kwa Yakobo, likupatsa wolemera mpando wabwino n'kuimiritsa wosauka. Ndipo mipingo yathu ili kale ndi zolembedwa zotsutsa zimenezi. Buku la malamulo a Mpingo wa Katolika la 1983, pa lamulo 848, limaletsa kumana osowa masakramenti chifukwa cha umphawi wawo. Lamulo 1181 limanena chimodzimodzi za maliro, kuti pasakhale kukondera ndipo osauka asamanidwe mwambo woyenera. Lamulo 1184, limene limatchula anthu ochepa amene angakanizidwe mwambo wa mpingo, monga okana chikhulupiriro poyera amene sadaonetse kulapa, silitchula ngongole ya mtulo. Ku mbali ya CCAP, Katekisimu wa Heidelberg wa 1563, amene Sinodi ya Nkhoma idalandira kwa Adatchi, adagawidwa patatu: tsoka la munthu, chiwombolo chake, ndi kuthokoza kwake. Ntchito zabwino, pamodzi ndi Malamulo Khumi ndi pemphero, adaziika m'gawo lachitatulo. Chopereka chotoleredwa ndi chiopsezo cha maliro sichingakhalenso kuthokoza.

Akuluakulu a mpingo ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Tchalitchi sichimangidwa ndi mawu akuti Amen. Denga likadontha pamafunika malata, mbusa ndi katekisiti ayenera kudya, ndipo masiku odalira thandizo la kunja adapita. Bishopu Patrick Kalilombe, mwana wa pa Mua pomwepa, ndiye adalimbikitsa miphakati m'dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 kuti mpingo uzidziyimira pawokha, ndipo kudziyimira kumafuna kuti aliyense atulutse kanthu. Komanso alipo anthu amene amatha zaka makumi awiri osaponda pa tchalitchi, akunyoza opemphera, koma tsiku la maliro abale awo amafuna mwambo wonse. Kodi mpingo usanduke kampani yoika maliro? Zonsezi ndikuzivomereza. Kupereka ndi udindo, ndipo mkhristu amene ali nazo koma amaumira akudzionetsa yekha kuti penapake patsekeka. Koma mlimi wa ku Bwanje akamapereka ndalama yosamalira ngalande sakugula mvula. Chopereka chimasamala nyumba ya mpingo ndi atumiki ake, sichigula malo kwa Mulungu, ndipo njira iliyonse yotolera imene imasokoneza ziwirizi m'mitu ya anthu imaononga zambiri kuposa ndalama imene imabweretsa. Chilango nachonso chili ndi malo ake, koma cholinga chake, monga Paulo adalangizira Akorinto, n'kubweza munthu. Wakufa sabwezedwa. Chilango cha pa maliro chimagwera wamasiye ndi ana, pa tsiku limene akufunitsitsa kumva kuti Mulungu ndi wachifundo, ndipo ena mwa ana amenewo sabwereranso ku tchalitchi. Ngati munthu adasowa mu mpingo zaka zisanu, funso loyamba lipite kwa a mphakati ndi kwa mkulu wa dera lake: inu mudapitako kangati? Miphakati idakhazikitsidwa kuti akhristu oyandikana adziwane, apemphere pamodzi ndi kunyamulirana zolemetsa akadali moyo.

Maganizo omwewa ogula Mulungu akuonekera poyera kwambiri kwa alaliki ena a masiku ano, amene amauza anthu kuti abzale mbewu ya ndalama kuti alandire machiritso, banja kapena ulendo wa ku Joni, nagulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa. Ambiri a iwo amayamba ndi kunyoza mipingo yakale kuti ndi ya miyambo yokhayokha, komatu amene wabwerera kwa Tetzel ndi iwowo. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya atatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu, Petro adamukalipira koopsa, ndipo palibe chimene chasintha chifukwa chakuti lero ndalamayo imatumizidwa pafoni. Kumbali ina kuli munthu amene amatchula tsiku ndi ola limene adabadwa mwatsopano, koma amakongoza anzake katapila, amagula mpunga wa alimi usanache pa mtengo wolira m'miyezi ya njala, ndipo waganyu wake amabwera katatu kudzapempha malipiro a mizere imene adalima kale. Ameneyu amaganiza kuti ali kumbali ya Paulo, koma Paulo yemweyo pa Aroma 6 adakana kwamtuwagalu maganizo akuti chisomo ndi chilolezo chochimwira, ndipo pa Agalatiya 5 adati chikhulupiriro chimadziwika pogwira ntchito mwa chikondi. Wogula uja ndi wongolankhula uyu amafanana pa chinthu chimodzi. Onse maso awo ali pa iwo eni, pa malo awo kumwamba, ndipo mnansi sakuonekamo.

Pa Mateyu 25 pali chinthu chimene sitichilabadira kawirikawiri. Anthu amene Mfumu ikuwalandira chifukwa adadyetsa anjala, kulandira alendo, kuveka ausiwa, kuyendera odwala ndi andende, akudabwa. Sakukumbukira kuti adachitira Ambuye zimenezo. Akadakhala kuti ankawerengera mphotho, akadafika ndi mndandanda wawo m'manja, monga Mfarisi wa pa Luka 18 amene adawerengera Mulungu kusala kwake ndi chakhumi chake, koma wokhometsa msonkho wodziguguda pachifuwa ndiye adapita kwawo atalungamitsidwa. Apa mpamene pali yankho kwa amene amaopa kuti chisomo chaulere chimabala ulesi. Munthu amene akugwira ntchito kuti agule chipulumutso amathandiza mnzake kwinaku akuwerengera ngati zalembedwa, ndipo wosaukayo kwa iye ndi njira yopezera zake. Akaona kuti zakwana amaleka, akaona kuti sizikwana amataya mtima. Koma amene wakhulupirira kuti mlandu wake ndi Mulungu udathera pa mtanda, mtima wake umamasuka kuona munthu amene ali patsogolo pake, ndipo alibe chifukwa chofunsira kuti ndachita zokwanira kodi. Chiweruzo cha ntchito chilipo ndithu, Baibulo silibisa. Chimene chidzafunsidwa n'chakuti kodi chifundo chimene tidalandira chidathera mwa ife, kapena chidafika kwa wina.

Ndime yomweyi ya Mateyu 25 iyenera kutigwira pakamwa tikamakamba za anansi athu. M'chigwa chino tikukhala ndi Asilamu ndi anthu a gule wamkulu, ndipo adzukulu amene amalawirira mbandakucha kukakumba manda a mkhristu safunsa za khadi lake. Mishoni ya Mua yomwe, imene kale inkalimbana ndi gule, kuyambira 1976 idayamba kusunga ndi kulemekeza chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao pa malo a Kungoni, motsogozedwa ndi Bambo Claude Boucher Chisale. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican mu 1964 udaphunzitsa kuti munthu amene sadziwa Khristu mosalakwa dala, koma amafunafuna Mulungu moona natsata chikumbumtima chake, angathe kupulumuka, ndipo kumeneko nakonso ndi ntchito ya chisomo. A Reformed ambiri amayankhula mosamala kwambiri pamenepa, ndipo zifukwa zawo ndi zomveka. Komabe mbali zonse zimavomereza kuti chigamulo n'cha Mulungu. Munthu amene Yesu adamulonjeza paradizo ndi pakamwa pake pa Luka 23 adali chigawenga chopachikidwa, chopanda dzina mu mpingo uliwonse, chopanda tsiku limodzi lotsala lochitira zabwino.

Choncho pempho langa likupita kwa abusa, ansembe, akulu a mpingo, atsogoleri a miphakati, amayi a Chigwirizano ndi a mabungwe a Chikatolika. Kaundula wa zopereka akhale kwa msungichuma, ndipo asatulukenso pa siwa. Ngati mpingo uli ndi chifukwa chachikulu chochepetsera mwambo, chikhale chochokera m'malamulo ake olembedwa, chofotokozedwa kwa banja mwaulemu, ndipo chisakhale ngongole ya ndalama. Ngati tikufunadi kulemba, tilembe mayina a okalamba amene madenga awo adzadontha mvula ikayamba, a ana amene asiya sukulu chifukwa chosowa yunifolomu, a odwala amene agona mwezi wathunthu popanda wowayendera, a aganyu amene akhristu anzathu sadawalipire. Pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi tiziyamba ndi mayina amenewo tisanawerenge ndalama.